Kalata kwa osunga imelo zathu: amene mukumuthamangitsayo ndi mwini nyumba

Kwa akuluakulu oyang'anira chitetezo cha maakaunti pakampani imene imasunga imelo yanga,

Ndikupatsani moni, akuluakulu. Dzina la kampani yanu sindilitchula m'kalatayi, chifukwa nkhani imene ndabwera nayo si ya pakhomo panu pokha, ndipo ndingakonde kuti anzanu a m'makampani ena aiwerenge ngati yawo. Ine ndine mmodzi wa anthu aja amene sawerenga makalata pa tsamba lanu la pa intaneti, koma pa pulogalamu ya imelo yoikidwa m'kompyuta, ya mtundu wa Thunderbird, Outlook kapena Apple Mail. M'sabata imodzi munanditsekera kunja kanayi. Ulendo uliwonse munkanditumizira uthenga wonena kuti mwathamangitsa wakuba amene amafuna kulowa mu akaunti yanga. Wakubayo ndinali ine ndemwe, nditakhala pampando umene ndimakhalapo tsiku ndi tsiku, pa kompyuta imene yakhala ikutenga makalata kwa inu kwa zaka 7.

Zinayamba Lolemba m'mawa. Nditangoyatsa kompyuta, pulogalamu inatulutsa kabokosi kofunsa pasiwedi. Ndinalemba, inakana. Ndinalembanso ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wongoyamba kumene kuphunzira, inakananso, n'kunena kuti dzina kapena pasiwedi yalakwika. Kenako ndinatsegula tsamba lanu, n'kulemba pasiwedi yomweyo, ndipo chitseko chinatseguka bwinobwino. M'katimo ndinapeza chenjezo lanu lofiira likundidikira: munthu wina wodziwa pasiwedi yanu anayesa kulowa, koma tamuletsa. Pansi pake panali dzina la mzinda umene sindinapondemo chaka chino, ndi mawu akuti chipangizo chosadziwika. Mtima unagunda. Ndinachita zimene munthu aliyense wamantha angachite, zimenenso uthengawo unandilangiza, ndiko kusintha pasiwedi.

Pamenepo ndiye ndinaputa mavu. Foni inayamba kufunsa pasiwedi yatsopano. Laputopu ya kunyumba, imene ndinaisiya yoyaka, inapitiriza kugogoda ndi pasiwedi yakale mphindi 10 zilizonse, pakuti umu ndi mmene mapulogalamuwa amaonera ngati kwabwera kalata, ndipo kugogoda kulikonse makina anu ankakutenga ngati kwa mbava yosatopa. Pofika Lachitatu munatseka akaunti yonse kwa maola angapo, mukuti mwaona zokayikitsa zambiri, chonsecho chimene chinabala zokayikitsazo ndi chenjezo lanu lija.

Musaganize kuti sindikudziwa chimene mukulimbana nacho. Njira zimene mapulogalamuwa amalankhulira ndi seva, makina anu aja osunga makalata, ndi zakale ndithu. SMTP, yotumizira makalata, anailemba Jon Postel mu 1982. POP, yotengera makalata, inatuluka mu 1984, ndipo IMAP, njira inanso yotengera makalata, anaipanga Mark Crispin ku Stanford mu 1986. Masiku amenewo anthu a pa netiweki anali ochepa, ambiri a m'mayunivesite ndi m'malo a kafukufuku, moti dzina ndi pasiwedi zinkakwanira. Pulogalamu imasunga pasiwediyo n'kumaipereka nthawi iliyonse ikagogoda, basi. Palibe pofunsira nambala yotumizidwa pa foni, palibenso pofunsira chidindo cha chala. Lero mindandanda ya maakaunti obedwa ili mbwee. Kuba kumene kunachitika ku Yahoo mu 2013 kokha kunakhudza maakaunti 3 biliyoni, monga kampaniyo inavomera mu 2017. Ndiye poti anthufe timakonda kugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi pena paliponse, wakuba amangotenga mndandanda n'kuupatsa makina kuti ayese khomo ndi khomo usiku wonse, ndipo makomo amene amawakonda ndi a IMAP ndi POP, chifukwa alibe loko wachiwiri.

N'chifukwa chake kunabwera OAuth 2.0 mu 2012. Pa njira imeneyi pulogalamu siigwira pasiwedi n'komwe. Imakutsegulira tsamba la kampani, iwe umalowa kumeneko n'kutsimikiza pa foni ngati pakufunika kutero, kenako kampani imapatsa pulogalamuyo chiphaso chakechake chimene ungachilande tsiku lililonse osasokoneza china chilichonse. Google inasiya kulola mapulogalamu kulowa ndi pasiwedi ya akaunti yokha, pa maakaunti a anthu wamba, pa 30 Meyi 2022. Microsoft inayamba kutseka njira yakaleyi pa Exchange Online, imelo yake ya makampani, pa 1 Okutobala chaka chomwecho, ndipo pa Outlook.com inaitseka pa 16 Sepitembala 2024. Zimenezi sindikutsutsana nazo. Walira mvula walira matope, ndipo ine chitetezo ndimachifuna.

Dandaulo langa lili pa zimene mumanena mukamatseka chitsekocho. Munthu akakanizidwa kulowa, mwina walakwitsadi pasiwedi. Mwina pasiwedi ndi yolondola, koma pulogalamu yake ikugogodabe mwa njira yakale imene munaisiya. Mwinanso zonsezo zili bwino, kungoti makina anu akayikira malo amene akulowera. Matenda atatu amenewa mankhwala ake ndi osiyana, koma inu mumapereka yankho limodzi kwa onse, lakuti pasiwedi yalakwika, kenako chakumbali n'kutumiza chenjezo lakuti kwabwera wakuba. Kwa ine mawu onse awiriwo sanali oona. Pasiwedi sinalakwike, wakubanso kunalibe. Chimene chinachitika n'chakuti tsiku lanu lotseka njira yakale linakwana pa akaunti yanga. N'kutheka kuti munalengeza miyezi ingapo m'mbuyomo, m'kalata yooneka ngati makalata ena aja otsatsa malonda amene mumatitumizira kawirikawiri, ndipo ngati munatero pepani, inandidutsa. Komabe nthawi imene munthu amafuna kumva chifukwa ndi pamene waima pakhomo, kiyi ali m'manja, loko akukana.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti zida zonenera zoona muli nazo kalekale. M'malamulo a IMAP, amene analembedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 3501 mu 2003, muli liwu lakuti ALERT: seva ikaika liwu limeneli patsogolo pa uthenga, pulogalamu imalamulidwa kuuonetsa kwa mwini wake mwa njira yoti auone ndithu. RFC 5530 ya 2009 inawonjezera mayankho osiyanitsa pasiwedi yokanidwa, pasiwedi yotha ntchito, seva yofooka kwa kanthawi, ndi vuto lofunika kukaonana ndi woyang'anira. Ngakhale SMTP ili ndi nambala 535 ya dzina kapena pasiwedi yolakwika, ndi 534 ya njira yolowera imene seva ikuiona kuti ndi yofooka. Chiganizo chimodzi chikanandikwanira, chakuti kampani ino sikulolanso kulowa ndi pasiwedi wamba, pitani pa zosintha za akaunti m'pulogalamu yanu musankhe OAuth2. Makampani ena amaikamodi uthenga, koma kawirikawiri imakhala linki yaitali ngati njoka yopita ku tsamba la mafunso ndi mayankho, kumene vuto lako umachita kulisaka pakati pa mavuto a anthu ena onse. Ndivomerenso kuti mapulogalamu ena amameza uthenga wa seva n'kuonetsa wawo. Opanga mapulogalamuwo ali ndi mlandu wawo, koma sangaonetse mawu amene inu simunatumize.

Yankho lanu ndikulidziwa. Munena kuti mukauza wogogoda kuti pasiwedi yake ndi yolondola koma njira ndiyo yalakwika, ndiye kuti mwauza mbava kuti kiyi amene yatola ndi weniweni. N'zoona, koma simukufunika kunena chilichonse chokhudza pasiwediyo. Ngati khomo lakale munalitseka kwa aliyense, uzani aliyense wofika pamenepo kuti khomo ili linatsekedwa, musanayang'ane n'komwe chimene wanyamula. Mbava siphunzirapo kanthu, chifukwa nkhaniyi inalengezedwa poyera. Amene amapindula ndi mwini akaunti yekha.

Tsono za mzinda uja. Mumautenga pa adiresi ya IP, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa intaneti, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti adiresiyo siloza pamene munthu wakhala. Makampani a mafoni amadutsitsa makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi, imene nthawi zambiri imaoneka ngati ili kumene kuli makina awo akuluakulu. Adiresi ya kunyumba imatha kusintha rauta ikangozima n'kuyakanso. Wogwiritsa ntchito VPN ya kuntchito, njira yodutsitsa intaneti yake ku makina a kampani, amatha kuoneka ngati ali dziko lina. Ine tsiku limenelo intaneti ya mu ofesi inali itavuta ndipo ndinalumikiza kompyuta ku foni, nkhani yonse ya mzinda wachilendo n'kukhala imeneyo. Mukandionetsa dzina la mzinda, ndi kamapu komwe, popanda kunena kuti ndi zongoyerekeza, mukundiopseza ndi chinthu chimene inu eni simukuchikhulupirira. Pamene chimene chikanandithandiza simunachilembe: kuti wogogodayo anabwera kudzera pa IMAP, ndiponso kuti anadzitchula kuti ndi pulogalamu yakutiyakuti. Mapulogalamu ambiri amatchula dzina lawo kwa seva, pakuti njira yochitira zimenezi ilipo kuyambira mu 2000. Inde, mbava ikhoza kunama dzina. Koma ine ndikanaona dzina la pulogalamu yanga ndi ola limene ndinayatsa kompyuta, ndikanadziwa pompo kuti ndi ine.

Pa chenjezo lanu pali batani lofunsa ngati ndinali ine. Ndinalidina Lolemba, ndinalidinanso Lachiwiri, ndipo munandithokoza ulendo uliwonse. Pulogalamu inakanizidwabe. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti batanilo silikanatsegula kanthu, popeza vuto silinali kundikayikira ine koma njira yolowera. Nanga mumafunsiranji funso limene yankho lake silisintha kalikonse? Ngati kuvomera kwanga kulibe mphamvu, nenani pa tsamba lomwelo. Ngati kuli ndi mphamvu, kukhale kokhalitsa, osati mawa m'mawa kufunsidwanso ngati mlendo.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsere kwambiri, chifukwa vutoli likudya chitetezo chimene mukuti mukumanga. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo chenjezo labwino ndi lotero. Koma khutu ukalitsina ola lililonse popanda chifukwa limachita dzanzi. Munthu amene walandira machenjezo 12 m'masiku atatu, onse onena za iye mwini, amaphunzira chimodzi mwa ziwiri: kudina kuti ndinali ine asanawerenge, kapena kufufuta osatsegula. Zizolowezi ziwiri zonsezi ndi zimene atsizinamtole a pa intaneti amadikirira. Makalata awo achinyengo amatsanzira chenjezo lanu lomwelo, mtundu wofiira womwewo, chizindikiro cha kampani pamwamba, dzina la mzinda wachilendo, ndi batani lakuti tetezani akaunti yanu tsopano. Ndili ndi bambo wina wachikulire amene timagwira naye ntchito, munthu wosamala, amene kale ankandiitana kuti ndidzaone kalata iliyonse yokayikitsa asanaikhudze. Iwonso pulogalamu yawo inakanizidwa sabata yomweyo. Lachisanu ndinawapeza akulemba pasiwedi yawo pa tsamba limene linatseguka atadina linki ya m'chenjezo, osayang'ana n'komwe adiresi ya pamwamba. Mwamwayi linali lanu lenileni. Nditawafunsa, anangoti atopa, akungochita chilichonse chimene makina akufuna kuti makalata abwere. Ulesi umenewu sanabadwe nawo, anauphunzira m'masiku asanu, ndipo mphunzitsi wake simukumusowa.

Komanso taganizirani kumene chenjezolo limapita. Mumalitumiza ku bokosi lomwe lija mwalitseka. Amene ali ndi foni yolumikizidwa amaliona, koma alipo anthu amene imelo amaidziwira pa pulogalamu ya pakompyuta yokha, ndipo pasiwedi anailemba kamodzi zaka zapitazo pulogalamu n'kuisunga. Oterowo saona chenjezo lililonse. Amangoona kabokosi kofunsa mawu amene anaiwala, kenako amauzidwa kuti nambala yotsimikizira yatumizidwa ku foni imene inatayika kale.

Kwa amene pulogalamu yake singathe OAuth, munakonza pasiwedi yapadera ya pulogalamu imodzi, imene kumakampani ena imakhala ya zilembo 16. Ganizo ndi labwino, koma munalibisa kuseri kwa zitseko zingapo, ndipo silionekera mpaka munthu atayatsa kutsimikiza kwa magawo awiri, zimene chenjezo lanu silitchula. Ifeyo inatipulumutsa pa makina ojambula zikalata a mu ofesi, aja amatumiza pepala ku imelo ukangodina batani. Makina amenewa amatumiza kudzera pa SMTP ndi dzina ndi pasiwedi, ndipo alibe potsegulira tsamba lanu kuti munthu alowe. Anangosiya kutumiza mwakachetechete, akulemba nambala ya vuto pa kagalasi kake kakang'ono, ndipo tinazindikira patatha masiku awiri, munthu amene ankadikira zikalata ataimba foni mokwiya. Makina oterewa ali m'maofesi ambiri, pamodzi ndi makamera achitetezo ndi mapulogalamu a maakaunti a ndalama amene amatumiza malisiti okha. Palibe amene angataye makina abwinobwino chifukwa choti inu mwasintha loko. Ngati pasiwedi yapaderayi ndiyo njira yake, iikeni poonekera ndipo muitchule m'chenjezo. Ngati mukufuna kudzaichotsanso, nenani tsiku lake pakadali nthawi.

Tsamba lanu lothandiza anthu linandipatsa malangizo ofulumira: gwiritsani ntchito pulogalamu yathu, kapena werengani pa tsamba lathu. Ayi, zikomo. Pulogalamu ya pakompyuta imandisungira makalata onse m'makina mwanga, moti intaneti ikaduka ndimawerengabe, kufufuza za chaka chatha, n'kulemba mayankho amene amanyamuka okha ikabwerera. Maakaunti anga atatu, a makampani osiyana, ndimawaona pa windo limodzi. Alipo anthu osaona amene anazolowera pulogalamu imodzi yogwirizana bwino ndi makina awo owerenga mokweza, ndipo kuwauza kuti asamuke si nkhani yaing'ono. Chinanso, ndipo ndinene mosabisa, ndimafuna kukhala ndi makalata anga pamalo pamene inu simungatseke. Sabata ija inandionetsa kuti sindinalakwitse.

Sindikunena kuti mukuchita dala pofuna kutikokera kumene mungationetse malonda. Koma mukamatcha pulogalamu ya ena kuti yosatetezeka, pamene yanu yokha ndi imene siikanizidwa, musadabwe anthu akamaganiza choncho. Pulogalamu yanga inkalumikiza pa doko 993, khomo lotetezedwa la IMAP, ndipo zonse zodutsa pamenepo zimakhala zobisika ndi TLS, njira yobisira uthenga panjira, monga zimakhalira pa tsamba lanu. Chofooka chinali njira yoperekera pasiwedi, osati pulogalamu, ndipo njira yatsopano inali nayo kale, inkangodikira kuti wina aisankhe. Thunderbird, mwachitsanzo, inayamba kulowa ku Gmail ndi OAuth mu 2015. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi opanga mapulogalamu ang'onoang'ono. Kuti pulogalamu igwiritse ntchito OAuth, wopanga wake amayenera kukailembetsa ku kampani iliyonse payokhapayokha, ndipo kwina amafunika kudutsa m'kawuniwuni wautali. Chiyambire pamene Ray Tomlinson anatumiza uthenga kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina mu 1971, ubwino wa imelo wakhala wakuti si ya kampani imodzi: aliyense wotsatira malamulo olembedwa poyera akhoza kupanga pulogalamu yolankhula ndi seva iliyonse. Kulembetsa kukakhala kovuta, chotsatira chake n'chakuti makampani ochepa ndi amene azisankha mapulogalamu amene tiziwerengera makalata athu. Chonde fewetsani njira imeneyi, ndipo mukakana pulogalamu muzinena chifukwa chake poyera.

Mufuna kudziwa mmene zinathera. Lachinayi madzulo, nditatsala pang'ono kufufuta akaunti m'pulogalamu kuti ndiyambirenso, mnzanga wina anandigwira dzanja. Anandikumbutsa kuti akanakhala makalata otengedwa ndi POP, amene nthawi zambiri amachoka pa seva n'kutsala m'kompyuta mokha, kufufuta mosasamala kukanatha kuwataya onse. Kenako anatsegula zosintha za seva, pa mzere wa njira yolowera anachotsa pasiwedi wamba n'kusankha OAuth2, n'kuchitanso chimodzimodzi ku seva yotumizira, imene anthu ambiri amaiiwala. Tsamba lanu linatseguka, ndinatsimikiza pa foni, makalata a masiku anayi n'kukhuthuka nthawi imodzi. Ntchito yonse sinakwane mphindi zitatu. Pofika pamenepo ndinali nditasintha pasiwedi kawiri, ndipo yachiwiriyo ndinailemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire.

Dzulo usiku kwabweranso chenjezo lina. Likuti munthu wina wayesa kulowa kuchokera ku mzinda umene sindiudziwa, pa chipangizo chosadziwika. Mwina ndi tabuleti yakale imene ili m'kabati, mwina ndi foni yasintha adiresi, mwina ndi atsizinamtole atsanzira kalata yanu, mwinanso ulendo uno ndi mbava yeniyeni. Ndaliwerenga katatu ndipo mulibe mawu ondithandiza kusiyanitsa. Batani sindinalidine. Ndikudikira kuti mundiuze inu, akuluakulu, kuti mwa zinayizi ndi chiti.

Ine wanu,
Kasitomala amene munamutcha wakuba